Eye gel: kapakidwe kake ndi zimene singathe kuchita

Achemwali, mwafunsa kuti eye gel mwagulayo, chodzola chopepuka chopaka mozungulira maso, muziipaka nthawi yanji pakati pa zodzola zanu zina, komanso ngati ichotse kuda ndi kutupa kwa m'munsi mwa maso. Ndiyambe ndi funso lachiwirili, chifukwa ambiri amataya ndalama pogula kabotolo asanadziwe chimene chikudetsa malowo.

Eye gel imathandiza kwenikweni pa kutupa kwa m'mawa ndi kuuma kwa khungu. Werengani mayina a zinthu zimene zili mu gelyo, zolembedwa pa kabotoloko. Caffeine amafinya timitsempha ta magazi kwa maola ochepa, kutupa n'kuphwa, koma mawa lake muyenera kupakanso. Hyaluronic acid ndi glycerin zimasunga madzi pakhungu, ndiye timizere tobwera chifukwa cha kuuma sitioneka kwambiri. Kuda ndi nkhani ina. Imani pagalasi pafupi ndi windo masana, mukoke khungu la m'munsi mwa diso pang'ono cham'mbali. Kuda kukakhala momwemo, ndiye kuti kuli m'khungu lenilenilo. Zimenezi n'zofala kwa ife akhungu lakuda, makamaka ngati n'zakumtundu kapena timatikita maso pafupipafupi. Apa niacinamide kapena vitamin C amathandiza, koma pang'onopang'ono, pakatha milungu 8 mpaka 12, ndipo pokhapokha mukamadziteteza ku dzuwa. Kuda kukatha mukakweza nkhope kuyang'ana kuwala, umenewo ndi mthunzi wa kadzenje ka m'munsi mwa diso, ndipo palibe gel imene ingadzaze kadzenjeko.

Musanayandikize kumaso, pakani pang'ono kuseri kwa khutu, mudikire masiku awiri. Pakayabwa kapena kutuluka tiziphuphu, isiyeni. Ndipo sabata imene mukuiyesayi musayambe chodzola china chatsopano, chifukwa khungu likakana simudziwa cholakwa n'chiti.

Kapakidwe kake ndi aka. Sambani kumaso ndi sopo wofatsa, mupukute modinda ndi thaulo, khungu litsale ndi chinyezi pang'ono. Ngati mumagwiritsa ntchito serum, chodzola chamadzimadzi cha kumaso, yambani ndi ameneyo. Kenako finyani gel yochepa ngati kanjere ka mpunga, ya diso limodzi imeneyo. Gwiritsani chala chovala mphete, chifukwa sichikanikiza mwamphamvu. Ikani timadontho titatu kapena tinayi potsata fupa lozungulira diso, kuyambira cha kumphuno kupita cha kukhutu, n'kumagogoda mopepuka mpaka italowa. Musatikite. Khungu la pamenepa ndi lopyapyala kuposa la pena paliponse pathupi, pafupifupi theka la milimita, ndipo kutikita ndi kumene kumawonjezera kuda. Musafike m'mphepete mwa diso, ndipo pachikope chapamwamba musapake pokhapokha kabotoloko katanena kuti n'zololedwa. Gel ikafunda imayenda yokha kulowera kudiso.

Dikirani mphindi ziwiri, ndiye mudzole mafuta anu a kumaso, ndipo m'mawa mumalize ndi sunscreen, mafuta oteteza ku dzuwa, wa mphamvu ya SPF 30 kapena kuposa. Yambani ndi kamodzi patsiku, m'mawa. Pakatha sabata popanda vuto, onjezerani madzulo, koma patsale ola limodzi musanagone.

Maso akamaluma kapena kutuluka misozi, kawirikawiri mwapaka yambiri kapena mwayandikira kwambiri. Tsukani ndi madzi oyera ambiri, musiye kuipaka kwa masiku atatu. Gel ikamapanga timibulu mukapaka foundation (chopaka chofananitsa mtundu wa khungu la kumaso), ndiye kuti simunaidikire iume. Tiziphuphu toyera tolimba m'munsi mwa diso timabwera kwambiri pamene mwaunjika mafuta olemera pamwamba pake. Musatiboole ndi singano. Mukadzuka mutatupa kuposa kale, mwina munapaka yochuluka n'kugona nthawi yomweyo.

Nyengo ya kuno nayo ili ndi mbali yake. Mu June ndi July, kuzizira kwa pansi pa phiri la Zomba kumaumitsa khungu, ndipo gel payokha imachepa mphamvu. Ivundikireni ndi mafuta opepuka opanda fungo, apo ayi pofika masana pamakhala patauma kale. Mu October ndi November gel imakoma chifukwa si yamafuta, koma thukuta limaikokera m'maso, choncho chepetsani. Fumbi la nthawi imeneyi ndi utsi wa nkhuni zimayabwitsa maso. Ikani kansalu koviika m'madzi ozizira kwa mphindi zisanu m'malo mokanda.

Kuisunga mufiriji kumawonjezera kuzizira kumene kumaphwetsa kutupa, koma si lamulo. Chachikulu isakhale padzuwa kapena m'galimoto. Pachifukwa chomwecho, pewani imene yakhala tsiku lonse pabenchi yapadzuwa kumsika. Onani tsiku lotha ntchito, ndi kachizindikiro ka kabotolo kotsegula kolembedwa 6M kapena 12M: imeneyo ndi miyezi imene ikhale yabwino mukatsegula. Ikasintha fungo kapena mtundu, itayeni.

Pali chinthu chimene ndikupemphani ndi mtima wonse: musasakanize gel ndi mafuta oyeretsa khungu pofuna kufulumizitsa. Ambiri mwa mafuta amenewa amakhala ndi mankhwala amphamvu monga clobetasol, betamethasone kapena hydroquinone. Awiri oyambawo akamapakidwa pafupi ndi diso kwa nthawi yaitali amapyapyalitsa khungu, ndipo angayambitse ng'ala kapena glaucoma, matenda amene amaononga maso mwakachetechete. Hydroquinone akakhalitsa amatha kusiya kuda kovuta kuchotsa kuposa kumene munali nako. Ngatinso muli oyembekezera, pewani gel iliyonse imene ili ndi retinol.

Kutupa kwa m'mawa kumachepanso mukachepetsa mchere pa ndiwo zamadzulo ndi kukweza mutu ndi pilo wachiwiri. Koma kukamakhala tsiku lonse, miyendo n'kumatupanso kapena mkodzo n'kumachita thovu, limenelo lingakhale vuto la impso. Diso limodzi lokha likatupa, kufiira ndi kupweteka, kapena muli oyembekezera ndipo nkhope yatupa mutu ukuwawa, siyani gel mupite ku Zomba Central Hospital kapena kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo.

Kuti mudziwe ngati ikugwira ntchito, dzijambuleni lero musanayambe, kenako kamodzi pa sabata, pawindo lomwelo, nthawi yomweyo, musanadzole kanthu. Pakatha milungu 12 zithunzi zili chimodzimodzi, musagulenso ina ya mtundu umenewo.