Alonso wapita, koma bala la Mets lili pena

Achimwene, ndikulemba izi mu Disembala 2025. Mwafunsa kuti poti Mets, timu yathu ya baseball ya ku Queens mu New York, yataya Brandon Nimmo, Edwin Díaz ndi Pete Alonso m'masabata osakwana atatu, kodi mpata wa ma playoffs (magemu a chipulula a kumapeto kwa sizoni) mu 2026 ulipo, kapena mwana wanu mungomusamutsira ku Yankees asanazolowere kulira. Ndawerenga mayankho onse, ngakhale a abale athu ochemerera Yankees a ku Bronx aja amene akusekerera ngati alandira malipiro kawiri mwezi umodzi. Mundilole nanenso ndiikepo mlomo, chifukwa timu imeneyi yandidyetsa njomba kuyambira 2015. Ndinafika ku Queens chaka chomwe inalowa mu World Series, ndime yomaliza yolimbirana chikho, n'kugonja kwa Kansas City Royals, ndipo mwaumbuli wanga ndinkayesa zimakhala choncho chaka ndi chaka.

Za Alonso zandiwawa, ndisakunamizeni. Usiku uja wa mu Okutobala 2024, gemu yachitatu ya ma playoffs ku Milwaukee, tili kumbuyo 2-0 mu inning ya 9, gawo lomaliza la gemu, ine ndinali kukhitchini ndi mthiko m'manja, foni nditaitsamiritsa pa botolo la mafuta ophikira. Ndinali nditataya kale mtima, n'chifukwa chake ndinayamba kuthira ufa. Mpira womwe Alonso anamenya utadutsa mpanda wakumanja, ija timati home run, ndinakuwa mpaka mayi wa nyumba yapansi anagogoda denga lake ndi tsache. Nsima inatuluka ya mibulu, pansi pa poto patapserera, koma ndinaidya yonse. Munthu yemweyo anamenya ma home run 53 m'chaka chake choyamba mu 2019, mu Ogasiti 2025 anadutsa 252 ya Darryl Strawberry, ndipo wachoka ali ndi 264, kuposa wina aliyense amene anavalapo yunifomu ya Mets. Ndiye mwana wanuyo musamuletse kulira. Ali ndi chifukwa.

Koma tiyeni tipukute misozi kaye tione chinatichitikira mu 2025. Alonso analipo, anasewera magemu onse 162 ndi kumenya ma home run 38. Díaz analipo ndipo anali pa fomu. Nimmo analipo. Francisco Lindor analipo. Pamwamba pa onsewa tinali ndi Juan Soto, yemwe tinamulanda ku Yankees ndi kontrakiti ya madola 765 miliyoni pa zaka 15, ndipo iye anachita mbali yake: ma home run 43, ma base oba 38. Ndi anthu onsewa tinapambana magemu 83, kugonja 79, ndipo tsiku lomaliza ku Miami tinachapidwa 4-0, malo athu n'kutengedwa ndi Cincinnati Reds. Amene mukunena kuti aphwasula timu yabwino, ndiuzeni, yabwino yake iti? Ya mayina inde. Koma chikomekome cha mkuyu tonse tikuchidziwa.

Pa 12 Juni tinali titapambana 45 n'kugonja 24, pamwamba pa matimu onse 30. Kuchokera tsiku limenelo mpaka kumapeto tinapambana 38 n'kugonja 55. Ndipo tsiku lomwelo ndi lomwe Kodai Senga anavulala msempha wa kuntchafu pothamangira ku first base kukawakha mpira womwe unaponyedwa m'mwamba kwambiri. Woponya mpirawo anali Alonso yemweyu, koma izo tisazikumbe lero, maliro akadali m'nyumba. Senga atabwerera sanalinso yemwe uja, mpaka mu Seputembala anavomera kutsitsidwa ku timu yaing'ono ya ku Syracuse. Griffin Canning anaduka msempha wa kuchidendene kumapeto kwa Juni. Sean Manaea ndi Frankie Montas anayamba sizoni ali ovulala, ndipo atabwera zinali bola akanakhala. Panadutsa masabata ambirimbiri David Peterson ali yekha woponya woyamba amene ankatha kumaliza ma inning 6.

Apa ndi pomwe ife okulira pa mpira wamiyendo timasochera, choncho mundipirire ndifotokoze. Kwathu Maule kapena Manoma akagula sitiraika woopsa, amasewera Loweruka lililonse ndipo akhoza kuwina gemu yekha. Mu baseball mumasewera pafupifupi tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo Soto, ngakhale atakwiya bwanji, amangopeza mpata womenya kanayi kapena kasanu pa gemu. Amene amagwira mpira nthawi yonse ndi woponya. Oyamba amakhala asanu, amasinthana, aliyense kamodzi pa masiku asanu. Ntchito yake ndi kunyamula gemu mpaka inning ya 6 kapena ya 7, kenako oponya olowa m'malo, a ku bullpen, amalize. Tsopano woyambayo akatuluka mu inning ya 4, a ku bullpen amasenza ma inning asanu. Mawa chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Mkono si makina. Pofika Ogasiti anyamata aja ankatuluka pa kageti kawo akuoneka ngati anthu ochokera kudambwe m'bandakucha. Anatigulira Ryan Helsley kumapeto kwa Julayi kuti athandize, m'malo mwake anadzangowonjezera moto. Mu Seputembala, mwezi wa zonse, timu ya malipiro ochititsa mantha inkadalira ana atatu ongokwezedwa kumene: Nolan McLean, Jonah Tong ndi Brandon Sproat. McLean anaponya ngati mkulu, koma timu yolemera chonchi siyenera kufika poika moyo wake wonse m'manja mwa mwana wa magemu owerengeka.

Mfundo yanga ili pamenepa. Díaz ntchito yake ndi kutseka gemu. Amalowa mu inning ya 9 mukakhala patsogolo. Mukakhala kumbuyo 6-1 malipenga omulandirira pabwalo aja salira, amangokhala pa benchi kutafuna njere za mpendadzuwa. Ndipo omenya athu otchukawo sizoni yonse sanatembenuze ngakhale gemu imodzi yomwe tinali kumbuyo itatha inning ya 8. Ngakhale imodzi. Choncho akanasayinitsa Alonso ndi Díaz onse awiri, oponya oyamba n'kusiyidwa momwe alili, tikanadzakhala pano Disembala wa chaka chamawa tikulira maliro omwewa.

Sindikunena kuti David Stearns, mkulu wogula ndi kugulitsa osewera ku Mets, walondola zonse ayi. Tizitenge chimodzichimodzi.

Za Nimmo ndazimvetsa, ngakhale ndimamukonda. Mwana wa ku Wyoming yemwe Mets inamusankha mu 2011, wothamangira ku first base ngakhale atapatsidwa ulere woti angoyenda, woponya ataphonya kanayi. Koma miyendo yake kunja kuja, kumalekezero a bwalo komwe amasewera, inayamba kulemera, ndipo kontrakiti yake inali yofika 2030. Marcus Semien yemwe wabwera kuchokera ku Texas ali ndi zaka 35 ndipo ndodo yake yazizira, zimenezo n'zoona, koma pa second base walandira Gold Glove ya 2025, mphoto ya wogwira bwino mpira, ndipo kontrakiti yake ikutha 2028. Woponya akadziwa kuti mpira wokwawa pansi ugwidwa, amaponya momasuka ndipo amakhalitsa mu gemu. Izi zikukhudza bala lenileni lija.

Za Díaz ndiye sindikuzimvetsa mpaka lero. Wapita ku Dodgers pa madola 69 miliyoni zaka zitatu, ndipo atolankhani akuti Mets inali itaika 66. Timu yomwe inapereka 765 miliyoni kwa munthu mmodzi ingaluze wotseka gemu wabwino chonchi pa kusiyana kwa mamiliyoni atatu? Mwina mwini wakeyo mtima unali kale ku Los Angeles, poti ndi akatswiri a 2024 ndi 2025, ndani sangafune mphete ya ukatswiri. Koma kumulola kupita kwa anthu omwe tiyenera kudzawadutsa kuti tifike ku World Series, kumeneko n'kunolera mdani mpeni. M'malo mwake atipatsa Devin Williams pa 51 miliyoni zaka zitatu. Inde, Williams yemwe uja Alonso anamumenya home run ku Milwaukee nsima yanga ikupserera. Baseball ili ndi nthabwala zoipa. Mu 2025 ku Yankees zinamuvuta mpaka anamuchotsa pa udindo wotseka, ERA yake inafika 4.79 pomwe ya Díaz inali 1.63. Kwa amene simunazolowere, nambala imeneyi imasonyeza ma run omwe woponya amapereka pa ma inning 9, ndiye ikachepa ndiye bwino. Ku Milwaukee Williams anali woopsa zedi, ndipo Stearns amamudziwa kuyambira komweko. Akhoza kubwerera mwakale. Koma apa tasinthanitsa chogwira m'manja ndi cha mwina.

Za Alonso mtima ukukana, mutu ukuvomera pang'ono. Wakwanitsa zaka 31 mu Disembala 2025, Baltimore yamupatsa 155 miliyoni pa zaka zisanu. Anthu a thupi lake, odalira mphamvu, osathamanga, osewera pa first base, akafika 34 kapena 35 kawirikawiri amatsika mofulumira, ndipo mumatsala mukulipira 31 miliyoni pa chaka kwa dzina. Ndikanakhala ine ndikanamupatsa zinayi ndi ndalama zokwera, n'kuvomereza kuti chaka chomaliza ndi chothokoza. Chomwe chandinyansa ndi kumva kuti sanamupatse n'komwe pepala loti aone. Ndiye kumulowetsa m'malo ndi Jorge Polanco, 40 miliyoni zaka ziwiri, munthu womenya bwino ndithu, yemwe anapulumutsa Seattle mu inning ya 15 polimbana ndi Detroit, koma amene first base sanaiseweretu moyo wake wonse kupatula kamphindi. Mukulalikira za kugwira bwino mpira uku mukuika wophunzira pakhomo pomwe mipira yonse imathera? Pamenepa Stearns afotokoze bwino.

Kwa achemwali amene mwalemba kuti Steve Cohen wayamba kuumira, ayi, pamenepo mwamulakwira. Chigulireni timuyi mu 2020 ndalama sanabisepo. Mu 2023 anali ndi malipiro okwera kuposa timu ina iliyonse m'mbiri ya masewerawa kufika nthawi imeneyo, Max Scherzer ndi Justin Verlander ali pamodzi. Tinatha ndi 75-87, ndipo isanathe sizoni onse awiri anali atagulitsidwa, wina ku Texas wina ku Houston. Chaka chotsatira, chomwe aliyense ankati n'chongodutsa, tinayamba ndi kugonja magemu asanu otsatizana, n'kumaliza ndi 89, kutulutsa Milwaukee ndi Philadelphia, mpaka Dodgers inatiimitsa mu gemu ya 6. Mu Disembala 2024 tinavina kuti talanda Soto, a ku Bronx ali chete. Iwo anatenga ndalama zija n'kugula Max Fried, woponya woyamba, anapambana magemu 94 ndi kulowa ma playoffs ife tili pa sofa. Zimandiwawa kuwayamikira, koma anachita zomwe ife tikufunika kuchita pano.

Tsono mpata ulipo kapena ayi? Mu National League muli matimu 15 ndipo 6 amalowa: opambana zigawo zitatu, ndi atatu a wild card, omwe apambana magemu ambiri mwa otsalawo. Chigawo chathu ndi chovuta. Phillies inapambana 96 ndipo yasunga Kyle Schwarber. Atlanta inagwa mu 2025 chifukwa cha kuvulala, ndipo sindikhulupirira kuti igwa kawiri. Choncho za kutenga chigawo ine sindikuziwerengera. Koma khomo la wild card ndi lotambalala. Reds yalowa ndi 83. Mu 2023 Arizona inalowa ndi 84 mpaka kukafika mu World Series. Mu 2024 panafunika 89, ndipo Arizona yomweyo inatsala panja ili ndi 89 yakeyo. Ndiye tinene kuti pakufunika pakati pa 85 ndi 90. Timu yokhala ndi Soto ndi Lindor pamwamba, Francisco Álvarez ndi Brett Baty akukula, McLean kuyambira Epulo osati Ogasiti, siili kutali ndi pamenepo. Ndipo mukangolowa zonse zimayambiranso. St. Louis Cardinals ya 2006 inapambana magemu 83 okha, inatitulutsa ifeyo mu gemu ya 7 Carlos Beltrán wathu ataimirira ndodo ili paphewa, n'kukatenga chikho. Akuluakulu a ku Queens mpaka lero mukatchula zimenezi amasintha nkhope.

Ine ndiweruza mu Febuluwale 2026, akamakasonkhana ku Port St. Lucie kukonzekera sizoni. Pofika nthawi imeneyo ndikufuna kuona woponya woyamba mmodzi weniweni, wa ma inning 180 pa chaka, kaya wogula kaya wosinthanitsa ndi ana athu a m'matimu aang'ono, ndi wachiwiri wodalirika womuthandiza. Ndikufunanso munthu wa pakati kunja kuja ndi ndodo imodzi yolemera yoti iteteze Soto, apo ayi azingomupatsa ulere gemu iliyonse. Zikachitika zimenezi ndinena kuti tilowa, ndipo ndili wokonzeka kubetcha mbale ya chambo ndi wa ku Bronx aliyense pagulu pano. Zikapanda kuchitika, Stearns akangotibweretsera oponya otchipa oti akawakonze ngati galimoto zakugaraja monga anachitira chaka chatha, ndidzakhala woyamba kulemba pano kuti munthuyu akuyesa akadali ku Milwaukee komwe ankawerenga makobiri.

Za mwanayo, musamusamutse. Yankees ili ndi zikho 27 ife tili ndi ziwiri, cha 1969 ndi cha 1986, koma chawo chomaliza ndi cha 2009, mwana wanuyo asanabadwe, ndiye nawonso akudikira ngati ife tomwe, kungoti amadikira monyada. Matikiti a sizoni yonse musagule panopa. Dikirani Epulo, gemu ya pakati pa sabata imatsika mtengo, mukwere sitima ya 7 mpaka Mets-Willets Point, ndipo mumuveke jekete lenileni chifukwa mphepo ya ku Flushing usiku wa Epulo imaposa ya ku Dedza mu Juni. Jezi yake ya Alonso ya nambala 20 asataye, ku Citi Field, bwalo lathu, muli anthu ovalabe ya Strawberry ndipo palibe amawaseka. Akaumirira yatsopano ya Khirisimasi, mugulireni 12 ya Lindor. Kontrakiti yake ikufika 2031, ndiye jeziyo idzamuchepera mwini dzina asanachoke.