Asiye Physics kuti adzakhoze bwino? Yankho langa kwa amalume a ku Bangula

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amagwira ntchito ku Nchalo koma kwawo ndi cha ku Bangula. Dzina sinditchula. Nkhani yawo ndi iyi: akuphunzitsa mwana wa mchemwali wawo, mtsikana amene wangolowa Fomu 3 pa CDSS ina kumudziko. Chiyambire ali ku pulayimale, mwanayu amati adzakhala namwino. Tsopano anzake amuuza kuti Physics ndi Chemistry zimagwetsa anthu, bola angotenga History ndi Bible Knowledge kuti mapointi adzatuluke okongola. Pasukulupo palibe labu, ndipo mphunzitsi wa sayansi ndi mmodzi yekha. Bamboyo anamaliza motere: "Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, zimenezi sindizidziwa. Ndimuuze chiyani mwanayu?"

Achimwene, zikomo pofunsa, paja safunsa anadya phula. Yankho lalifupi ndi lakuti asasiye. Ngati unamwino ndi umene akuufunadi, Physics, Chemistry, Biology ndi Masamu azigwiritse ndi manja awiri. Koma ndikangokuuzani choncho mwanayo adzakufunsani kuti chifukwa chiyani, inu n'kusowa chonena, ndiye tiyeni tiyambire pamene anzake akusokonezera.

Mayeso a MSCE amene a MANEB amalembetsa pomaliza Fomu 4 amachongedwa kuyambira 1 mpaka 9. Wapeza 1 kapena 2, ndiye distinkishoni. Kuyambira 3 mpaka 6 ndi kirediti. 7 ndi 8 wangokhoza chabe, 9 walakwa. Mapointi amene ana amanyadirana aja amachokera pophatikiza manambala a maphunziro 6 amene mwana wachita bwino koposa, n'chifukwa chake wa mapointi 6 ndiye katswiri ndipo nambala ikamakwera zinthu zikuipa. Mpaka apa anzake aja sakunama. Mwana amene mutu wake umasunga zoloweza angathe kupeza 2 pa History mosavutikira kusiyana ndi kupeza 2 pa Physics.

Chimene sakumuuza ndi chakuti koleji sifunsa mapointi okha. Imayamba yafunsa kuti mapointiwo achokera m'maphunziro ati. Tiyerekeze atsikana awiri. Woyamba wapeza Chingerezi 3, Chichewa 2, History 2, Bible Knowledge 2, Geography 3, Agriculture 3. Mapointi 15, pamudzi nthungululu, mbuzi yafa. Wachiwiri wapeza Chingerezi 4, Masamu 5, Biology 3, Physics 5, Chemistry 5, Agriculture 3. Mapointi 25, palibe woyimba nthungululu. Likatuluka lengezo loitana ofuna kuphunzira unamwino, wa 25 uja ali ndi choti alembe pafomu. Wa 15 alibe, ngakhale satifiketi yake ndi yowala. Si kuti amukana chifukwa chopikisana ndi anzake ayi, mumpikisanomo sanalowemo n'komwe.

Izi sindinaziwerenge m'buku. Nthawi yathu Physics ndi Chemistry zinali phunziro limodzi lotchedwa Physical Science, ndipo ine ndinalithawa teremu yoyamba ya Fomu 3 chifukwa mnzanga amene tinkagona naye chipinda chimodzi analithawanso. Palibe wamkulu amene anatikhazika pansi. Aphunzitsi anangoti osafuna atuluke, ifenso tinatuluka tikuseka, kukakhala pansi pa mtengo wa nimu. Zotsatira zitabwera ndinakhoza bwino ndithu, koma nditayamba kuyang'ana za zaumoyo zimene mtima unkafuna, paliponse pankalembedwa phunziro lomwe lija ndinalisiya pansi pa nimu. Ndinapita kwina, ndipo sindikudandaula ndi kumene ndili, koma njira imeneyo sindinasankhe ndine. Inasankhidwa ndi mnyamata wa zaka 16 amene ankangofuna kupuma masana dzuwa likaswa mtengo.

Tsono nkhani ya satifiketi ndi ya yunivesite musaziphatikize, ndi zinthu ziwiri. Kuti mwana apatsidwe MSCE amayenera kukhoza maphunziro 6 kuphatikizapo Chingerezi, limodzi mwa iwo likhale kirediti, kapena maphunziro 5 kuphatikizapo Chingerezi, atatu akhale makirediti. Imeneyo ndi satifiketi chabe. Mayunivesite a boma, amene amasankha ophunzira kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, amafuna makirediti 6 ndipo Chingerezi chikhale momwemo, kenako pulogalamu iliyonse imawonjezera maphunziro akeake. Mwana akhoza kukhala ndi MSCE m'manja koma wopanda kolowera.

Mwaona kuti Chingerezi chatuluka paliponse. Kuno kuchigwa cha Shire ndimapempha makolo kuti achiganizire kawiri. Ana athu ambiri kunyumba amayankhula Chisena kapena Chimang'anja, pabwalo la sukulu Chichewa, ndiye Chingerezi amangokumana nacho pa bolodi. Akalakwa Chingerezi, ngakhale apeze 1 pa Biology, satifiketi palibe. Akapeza 7, satifiketi ilipo koma yunivesite yatseka. Ndipo mafunso a Physics ndi Biology omwewo amabwera m'Chingerezi, moti ana ena amagwa osati chifukwa sadziwa yankho koma sanamve chimene afunsidwa. Mukamapita kumudzi musamataye nyuzipepala zakale, mutengereni aziwerenga mokweza madzulo. Mundikhululukire ndipatukeko pang'ono: Chichewa nachonso asachiyese chaulere. Ndaonapo ana a ku Nsanje akuchiderera poti amachiyankhula, osawerenga mabuku a zolembalemba amene ali pa silabasi, mapeto ake 7.

Za unamwino weniweniwo, njira si imodzi. Ya digiri ili ku KUHeS, yunivesite imene inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ndipo kumeneko mpikisano ndi woopsa. Kirediti ya 5 kapena 6 pa sayansi kawirikawiri sikwanira kupambana anzako. Koma palinso Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a mipingo a pansi pa CHAM. Imodzi mwa iwo ili pakhomo pathu pomwe, Trinity ku Muona, tsidya la kum'mawa kwa Shire. Konseko amayang'ana Chingerezi, Masamu ndi maphunziro a sayansi. Zofunika zenizeni amalemba m'lengezo la chaka chimenecho, ndiye chaka chino chomwe, mwana akadali Fomu 3, pezani lengezo la NCHE ndi la makoleji amenewa, mumuwerengetse yekha ndi maso ake. Mawu a malume angathe kuwatsutsa, koma pepala limene lalemba "Biology, Physics, Chemistry" salitsutsa.

Tsopano tibwere pa vuto lenileni, limene anzake aja akuliona ndipo sindikufuna kulichepetsa: kulibe labu. Biology, Physics, Chemistry ndi Agriculture zili ndi pepala la pulakitiko. Mwana amene zaka ziwiri wangoona chithunzi cha burette (chubu chagalasi choyezera madzi) m'buku, tsiku la mayeso akaigwira koyamba manja amanjenjemera, madzi n'kudutsa mzere asanawerenge. Zimenezi zimachitika ndipo zimadya mamalikisi. Koma mankhwala ake si kuthawa phunzirolo.

Pitani kusukuluko nokha, musatume. Tsiku limodzi lopuma ku Nchalo ndi thiransipoti ya ku Bangula sizingafanane ndi zaka ziwiri za mwana. Mukakumane ndi ahedi ndi mphunzitsi wa sayansi uja, mufunse mwaulemu zinthu zitatu izi. Kodi Physics ndi Chemistry zikuphunzitsidwadi mpaka Fomu 4, kapena zimangolembedwa pa taimutebulo? Chaka chatha analemba ana angati, ndipo makirediti anatuluka? Nanga pulakitiko amakachitira kuti? Sukulu za sekondale zimakhala m'magulu otchedwa makilasita, ndipo nthawi zina CDSS imatha kupangana ndi sukulu yoyandikana nayo yokhala ndi labu kuti ana akagwireko zipangizo. Ngati makolo mutagwirizana kusonkha ya mayendedwe, kupita kawiri kapena katatu pa teremu kumasintha zambiri. Aphunzitsi ena aluso amagwiritsa ntchito zomwe zilipo, mabotolo, mabatire a tochi, mawaya, madzi a mandimu ndi phulusa, ndipo mwana amamva ndithu. Mphunzitsi wotere mukamupeza, mulimbikitseni.

Mukapeza kuti maphunzirowa kulibiretu, ganizani zomusamutsa panopa, teremu yoyamba isanathe. Kusamutsa mwana ali Fomu 4 kuti ayambe Chemistry ndi kumuzunza. Poti inu muli ku Nchalo, mwina n'zotheka kuti akhale nanu n'kupeza malo cha kumeneko kapena ku Ngabu. Zimenezo mukambirane ndi mayi ake, mwana ndi wawo.

Pali china chimene mumuonere nokha musanamukakamize. Tengani malipoti ake a Fomu 1 ndi Fomu 2, muyang'ane Masamu. Mwana amene Masamu amapeza theka kapena kuposerapo, Physics adzaitha, mantha okha ndi amene amugwira. Koma ngati Masamu akhala akumukana chiyambire, vuto lili pamenepo, ndipo ndalama iliyonse ya maphunziro apadera imene mungakwanitse ipite ku Masamu poyamba. Chemistry ya Fomu 3 ili ndi mawerengero a mole (muyeso wa kuchuluka kwa zinthu) amene amafuna munthu wosaopa kugawa ndi kuchulukitsa. Walira mvula walira matope: wofuna yunifolomu yoyera ayambe wagwirizana ndi manambala, chifukwa ngakhale kuwodi adzawerengera mlingo wa mankhwala.

Atenge maphunziro angati? Ine ndimati 8, akachepetsa 7. Kulemba 6 okha ndi kuwoloka Shire pa bwato lopanda chopalasira chapadera, limodzi likangoterereka za yunivesite zonse zapita. Kupitirira 9 ndi kumwaza mphamvu. Kwa mwana wanuyu ndikanaika Chingerezi, Masamu, Biology, Physics, Chemistry, Agriculture ndi Chichewa, kenako chimodzi chimene amachikonda pakati pa Geography, History ndi Bible Knowledge. Mwaona, History sindikudana nayo. Ikhale ndiwo yowonjezera, isalowe m'malo mwa nsima.

Agriculture ndaiika dala. Ana a kuno amainyoza, amati tikalime thonje ndi mapira kunyumba, kusukulunso tikalime? Koma taonani chimene chikuchitika m'chigwa chathu. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira ikukumbidwa kuti ibweretse ulimi wothirira. Minda ya nzimbe ya Illovo inu mukuidziwa kuposa ine, ya Kasinthula ili apo, ng'ombe ndi mbuzi za ku Ngabu zimadyetsa Blantyre. Zonsezi zimafuna alangizi, odziwa za nthaka, madokotala a ziweto, mainjiniya a zothirira. Maphunziro amenewa ali ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, m'makoleji ake a Bunda ndi NRC. Ku yunivesite ya MUST ku Thyolo, kungokwera phiri kuchoka kuno, amaphunzitsa za nyengo ndi za kuthana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo ndani angazimve bwino kuposa mwana amene anaona madzi a 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023 ndi maso ake? Chosangalatsa n'chakuti maphunziro omwe aja a unamwino ndi amenenso amatsegula makomo amenewa. Mtsikana wa Fomu 3 angathe kusintha maganizo kawiri asanalembe mayeso, ndipo akasintha adzapeza kuti sanadzitsekere. Ngakhale uphunzitsi wa ku pulayimale, ku TTC ngati ya ku Chikwawa, amayang'ana Chingerezi, Masamu ndi sayansi. Ntchito zamanja za TEVETA ku Soche kapena ku Nasawa, zamagetsi ndi zokonza magalimoto, nazonso zimakomera amene Masamu ndi Physics anazigwirako.

Wina anganene kuti nanga mwana amene mtima wake uli pa zamalamulo, utolankhani kapena mbiri? Ameneyo ndi nkhani ina, ndipo History ndi mabuku a Chingerezi ndiye chuma chake. UNIMA ku Zomba ndi MUBAS ku Blantyre zili ndi malo ake. Koma ameneyonso ndimamuuza kuti Masamu asataye. Wanuyu wanena yekha kuti akufuna unamwino, ndiye ndayankha za iyeyo.

Chomaliza ndi cha kwathu kuno chokha, a ku Lilongwe sangakuuzeni. Teremu yachiwiri, Januwale mpaka Malichi, si yodalirika. Mvula ikakula kumtunda, Ruo ndi Shire zikadzaza, makalasi amasanduka misasa ya anthu othawa madzi, misewu imaduka, ana amakhala milungu osaphunzira. Silabasi ya Fomu 3 ndi 4 sidikira zimenezo, ndipo MANEB mayeso ake ndi amodzi dziko lonse. Choncho mwana wa kuchigwa ayenera kuthamanga nyengo yowuma. Mumugulire mabuku akeake a Physics ndi Chemistry, ngakhale ogwiritsidwa kale ntchito, ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, kuti sukulu ikaima iye asaime. Makope azisunga m'jumbo yomanga bwino, pamwamba. Miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala aziwerenga m'bandakucha kusanatenthe, masana mutu sugwira. Kanyale ka sola n'kotsika mtengo poyerekeza ndi chaka chobwereza.

Ikadzafika nthawi yolembetsa mayeso ku Fomu 4, mudzaone ndi maso anu pepala limene lalembedwa dzina lake ndi maphunziro ake. Ana ena amavomera pamaso pa malume, kenako n'kukachotsa Physics mwakachetechete tsiku lolembetsa. Mudzaonenso kalembedwe ka dzina, chifukwa mayina athu a Chisena amalakwitsidwa kawirikawiri ndipo kukonza satifiketi ikatuluka ndi chintchito.

Mukapita kukaonana ndi ahedi aja mundilemberenso zimene akakuuzeni, makamaka za pulakitiko. Malipoti a Masamu aja mukawajambule pafoni munditumizire, tidzaone limodzi ngati pakufunika mphunzitsi wapadera teremu ino kapena angathe yekha.