Aphunzitsi afunsa mayina a agulugufe, ine ndakumbukira mtengo wa ndimu wa agogo

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pasukulu ya pulayimale m'boma la Zomba, ndipo ndi amenenso amayang'anira kalabu ya zachilengedwe. Akuti ana amawabweretsera agulugufe osiyanasiyana n'kumafunsa mayina, iwo n'kumangoyankha kuti "ameneyo ndi gulugufe". Akufuna kudziwa kasiyanitsidwe kake ndi komwe angawapeze. Kumapeto anawonjezera kuti mnzawo wina wa kuntchito anawauza kuti asamatayitse ana nthawi ndi zinthu zosabwera pa mayeso.

Aphunzitsi, mundikhululukire, ndiyamba ndi mawu omalizawo, chifukwa andisowetsa tulo masiku atatu. Mawu amenewo ndinawamvapo ndili Sitandade 5, ndipo mpaka lero akandipeza mtima umandiwawa.

Kwa agogo anga aakazi kunali mtengo wa ndimu kuseri kwa khitchini. Tsiku lina ndikuthyola mandimu ndinaona kanthu pa tsamba, kakuda ndi koyera, kangati chitosi cha mbalame. Ndinati ndikachotse ndi kamtengo, kanayenda. Ndinathamangira kwa agogo, iwo anabwera pang'onopang'ono akupukuta manja pa chitenje, anawerama, anati, "Usakaphe. Kasiye uone chimene katasanduke." Anandipatsa botolo lakale lakukamwa kwakukulu, tinaikamo nthambi ya ndimu, pamwamba tinamanga kansanza kopyapyala. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkasintha masamba ndi kutaya timibulu takuda timene kankasiya pansi. Patapita masiku kanavula khungu, kanakhala mbozi yonenepa yobiriwira ngati tsamba lomwelo. Ndikaikhudza pamutu inkatulutsa tinyanga tiwiri tofiirira ngati lalanje, ndi fungo lamphamvu la ndimu yowola lomwe linkatsalira m'zala. Kenako inasiya kudya, inakwera pa kamtengo, inadzimanga m'chiuno ndi kaulusi kamodzi, n'kuuma.

Ndinali ndi mabotolo awiri. Limodzi ndinapita nalo kusukulu kuti anzanga aone. Aphunzitsi a tsiku limenelo analitenga pa desiki, analiyang'ana kamodzi, anati, "Iwe wabwera kudzaphunzira kapena kudzaweta mbozi? Zimenezi zidzabwera pa mayeso?" Analiponya pawindo. Kalasi yonse inaseka. Pa buleki ndinakapeza magalasi okhaokha ndi kamtengo kaja, kanthu kanga kataphwanyika.

La kunyumba linapulumuka. Patatha pafupifupi sabata ziwiri, m'mawa wina agogo anandidzutsa kusanache bwino. Gulugufe anali atatuluka, akulendewera, mapiko ali onyowa ndi okwinyika ngati nsalu yofinya kumene. Tinakhala pa mkeka tonse awiri, phala likuzizira, mpaka mapiko anatambasuka: akuda, odzala madontho achikasu, kumunsi kuli kadiso kofiira ndi kabuluu. Agogo anamasula kansanza kaja, anapita. Dzina lake ndinadzalidziwa patapita zaka zoposa 20: Papilio demodocus. Ali paliponse pamene pali mandimu, malalanje kapena manachesi, ndipo ndikukhulupirira kuti ali pasukulu panu lero lino.

Tsono mnzanu wa kuntchitoyo mukamuuze nkhani iyi. M'chaka cha 1988 anthu a sayansi anagwira agulugufe aakazi pafupifupi 80 ku Nkhata Bay n'kupita nawo ku yunivesite ya Leiden ku Netherlands. Si agulugufe okongola ayi. Ndi aja ang'onoang'ono otuwa ngati dothi, amene amadumphadumpha m'munsi mwa mtengo wa mango pa zipatso zowola, otchedwa Bicyclus anynana. Pulofesa Paul Brakefield ndi anzake anawaweta kumeneko, mbozi zake akuzidyetsa masamba a chimanga chanthete, akuluakuluwo akuwapatsa nthochi. Zidzukulu za agulugufe a ku Nkhata Bay amenewo zafalikira m'malabotale a mayiko angapo, ndipo anthu ambiri atenga madigiri aukachenjede pophunzira timaso ta pa mapiko awo. Gulugufe wathu, chimanga chathu, nthochi zathu, koma mwana wa ku Nkhata Bay akamuika m'botolo amamuuza kuti akutaya nthawi. Izi zimandipsetsa mtima, ndipo sindibisa.

Chimene anapeza n'chimene chingakusokonezeni inu poyamba, ndiye mvetsani. Gulugufe ameneyu ali ndi zovala ziwiri. Mbozi ikakula kukutentha, m'dzinja, amatuluka ndi timaso tikulutikulu kunsi kwa mapiko, toti mbalame kapena chilombo china chikajompha chijomphe m'mphepete mwa phiko, mutu upulumuke. Ikakula kukuzizira, chakumapeto kwa mvula, timaso timachepa mpaka kutsala timadontho, ndipo akatera pa masamba ouma a m'chilimwe simungamuone. Wina amene amachita zimenezi moonekeratu ndi Precis octavia. Wa m'dzinja ndi wofiira ngati moto, m'mphepete mwakuda. Wa nthawi yozizira ndi wakuda ndi buluu, wa timadontho tofiira, ndipo amakonda kubisala m'maenje, m'makhwawa ndi m'munsi mwa denga. Akatswiri akale ankayesa kuti ndi mitundu iwiri mpaka pamene anaweta mazira a mmodzi n'kutulukamo winayo. Ndiye mwana akakubweretserani wofiira mu Januwale ndi wabuluu mu Julaye, musafulumire kulemba mayina awiri.

N'chifukwa chake ine ndimakana kuti chinthu choyamba ndi dzina. Anthu ambiri amene amandilembera amafuna mndandanda wa mayina ndi zithunzi kuti aloweze pamtima ngati matebulo a masamu. Muno m'Malawi muli mitundu yoposa 400. Simungailoweze, ndipo mukayesa mudzatopa mwezi usanathe. Agogo anga sankadziwa dzina la Chilatini ngakhale limodzi, koma ankadziwa kuti kanthu kangati chitosi kamakhala pa ndimu basi, ndi kuti agulugufe oyera akamadutsa ambirimbiri onse kuloza mbali imodzi ndiye kuti tili mkati mwa dzinja. Ankadziwa mtengo, mwezi ndi malo. Zimenezi ndiye maziko. Dzina ndi denga, limabwera pomaliza.

Ndipo tisamadzinyoze kuti chinenero chathu n'chosauka chifukwa chili ndi liwu limodzi loti gulugufe. Anthu amatchula mayina zinthu zimene amaziyang'anitsitsa. Taonani mbozi zodyedwa: mphalabungu, matondo, ndipo amene amazitola amadziwa mtengo wa iliyonse ndi sabata imene imatsika. Taonani bowa, taonani mbewa, mayina ake kuchuluka. Luso loyang'ana tili nalo kale. Sitinalitembenuzire kwa agulugufe basi, chifukwa sapita mu mphika.

Pamenepa ndipatuke pang'ono, chifukwa pali chisokonezo china chimene chimaphetsa agulugufe ambiri. Mphalabungu ndi matondo sizisanduka agulugufe a masana amene ana anu akufunsa. Zimasanduka aja akuluakulu a usiku, abale ake a kadziwotche amene amazungulira nyali. Chimodzimodzinso ntchemberezandonda, kuphatikizapo mbozi zachilendo zija zimene zinawononga chimanga mpaka boma linalengeza mu Disembala 2017 kuti m'maboma 20 mwagwa tsoka. Mayi wake wa mbozi imeneyo ndi wa usiku, wotuwa, woti masana simumuona n'komwe. Koma kuyambira nthawi imeneyo ndaona anthu akupopera mankhwala chilichonse chokwawa, pa maluwa, pa mpanda, pa mtengo umene sudyedwa n'komwe. Ulimi ndimaudziwa ndipo njala ndimaidziwa, sindikunena kuti mlimi aonerere chimanga chake chikutha. Ndikunena kuti kupha chinthu usanachidziwe n'kulakwa, ndipo mwana amene waphunzira kusiyanitsa adzakhala mlimi wabwino kuposa ife. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Yang'anani tinyanga: ta wa masana timathera ndi kamutu ngati ka machesi, ta wa usiku n'tosongoka ngati ulusi kapena ta manyenje ngati nthenga.

Komwe amakhala

Yambani pabwalo la sukulu pomwepo. Pa njira yopanda udzu, pamene dzuwa likuwomba, pamatera Junonia oenone, wakuda wokhala ndi dontho lalikulu labuluu pa phiko lililonse lakumbuyo. Mukamuyandikira amauluka pang'ono n'kubwerera pomwe paja, chifukwa wamwamuna amalondera malo ake. Ngati muli ndi mitengo ya kesha, oyera mobiriwira amene amathamanga pamwamba pake ndi Catopsilia florella, ndipo mbozi zake zimadya masamba a mitengo ya mtundu umenewo. M'minda yogonera ndi m'mphepete mwa msewu mudzaona Danaus chrysippus, wofiirira ngati lalanje, nsonga za mapiko zakuda za madontho oyera, akuuluka mwaulemu osathawa kanthu. Sathawa chifukwa mbozi yake imadya zomera zija zotuluka utomoni woyera ngati mkaka, ndipo poizoni wake amatsala m'thupi. Mbalame ikamulawa kamodzi sibwerezanso. Pali wina, Hypolimnas misippus, amene wamkazi wake anatengera chovala chomwecho ngakhale alibe poizoni, pamene mwamuna wake ndi wakuda wa mawanga oyera ozunguliridwa ndi buluu wonyezimira. Ana amaikonda kwambiri nkhani imeneyi.

Kudambo ndi kudimba, pa matope a m'mphepete mwa chithaphwi kapena pamene ng'ombe zakodza, mudzawapeza ataunjikana ambirimbiri. Ambiri mwa iwo ndi aamuna, akuyamwa mchere. M'nkhalango ya mombo ndi masuku ndi mmene muli a Charaxes, a chifuwa chachikulu, ouluka mothamanga ngati mbalame. Amenewa maluwa alibe nawo ntchito kwenikweni. Amafuna zipatso zowola, utomoni wowira pa mtengo wovulala, ngakhale ndowe.

Koma inu muli ku Zomba, ndiye muli ndi mwayi umene ambiri alibe. M'nkhalango zobiriwira chaka chonse za m'mapiri ndi mmene muli agulugufe amene mayina awo enieni anyamula malo athu: Cymothoe zombana, Cymothoe melanjae, Charaxes nyikensis. Zomba, Mulanje, Nyika, zalembedwa m'mabuku a dziko lonse kudzera mwa tizilombo timene ife sitinatione n'komwe. Oterewa sangakhale pena paliponse. Mbozi zawo zimafuna mitengo yachilengedwe ya m'nkhalango yonyowa, ndipo nkhalango ikatha alibe kothawira, chifukwa phiri lililonse lili ngati chilumba pakati pa minda. Mukadzakwera phiri la Zomba mudzayerekeze nokha. Imani mphindi khumi mkati mwa paini, muwerenge agulugufe. Kenako tsikirani pamene patsala mitengo yachilengedwe m'mphepete mwa Mulunguzi, muwerengenso. Simudzafuna wina wokuuzani kuti paini ndi bulugamu ndi munda wa matabwa, si nkhalango.

Ndikamadutsa ku Blantyre ndimayang'ana Ndirande ndi Soche, mapiri amene akuluakulu amakumbukira ali ndi mitengo, lero ali mbee. Za matope amene anatsika pa Soche mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe Freddy tonse tikuzidziwa, ndipo tinalira anthu, monga kunayenera. Koma chenjezo linalipo kale kwa amene amayang'ana. Agulugufe a m'nkhalango amayamba kusowa mitengo ikangoyamba kupyapyala, nthaka isanayambe kugumuka. Makala ndi moto wa osaka mbewa wa mu Seputembala ndi Okutobala zimapsereza mazira ndi mbozi pamodzi ndi udzu, chaka ndi chaka. Ndiye munthu adzandiuze kuti zimenezi si phunziro.

Mwina ndatalikitsa, aphunzitsi, ndipo funso lanu lidakali chiimire. Chitani izi. Gulani kope limodzi la kalabu. Tulukani ndi ana kukawala dzuwa, cha m'ma 9 koloko mpaka masana, makamaka kuyambira Malichi mpaka Meyi. Pa gulugufe aliyense alembe tsiku, malo, chomera chimene anaterapo, kukula kwake poyerekeza ndi chikhatho, kaulukidwe, ndipo ajambule phiko pamwamba ndi kunsi komwe, chifukwa nthawi zambiri kunsi n'kumene kumasiyanitsa. Asawagwire mapiko, fumbi lotsala m'zala lija ndi timamba take. Amupatse dzina lawolawo la Chichewa kaye. Ngati muli ndi foni ya kamera, ikani chithunzi pa tsamba la pa intaneti lotchedwa iNaturalist, pomwe akatswiri amathandiza kutchula dzina kwaulere. Chomera chikakuvutani, pitani ndi tsamba kwa akatswiri a zomera a ku National Herbarium and Botanic Gardens komweko ku Zomba, ndipo a Wildlife and Environmental Society of Malawi amagwira ntchito ndi makalabu ngati anuwo.

Kuti mukope a Charaxes aja, phwanyani nthochi zakupsa kwambiri, thirani masese pang'ono ndi shuga, vundikirani masiku awiri kapena atatu. Pakani pa thunthu la mtengo m'mphepete mwa nkhalango cha m'ma 10 koloko, ana akhale pansi chete chapatali pang'ono. Lolemba m'mawa musanalowe m'kalasi, pitani kaye pa mtengo wa ndimu umene uli pafupi, muyang'ane pamwamba pa masamba anthete.