Kodi printa ikufuna kalata yanji?

Mayi wina amene amagwira ntchito ya ulembi ananditumizira imelo sabata yatha. Akuti printa ya ku ofesi kwawo inangoima n'kulemba PC LOAD LETTER. Iwo anaganiza kuti ikupempha kalata yochokera pa kompyuta, ndiye anatumizanso chikalatacho katatu, koma osatuluka kanthu. Funso lawo ndi lakuti, kodi makinawa amalankhula chinenero chanji?

Mayi, aliyense akanaganiza ngati inu. Mawuwa ndi odziwika kwambiri pa maprinta akale a HP LaserJet, ndipo palibe pamene akunena za kompyuta kapena kalata. PC ikuimira paper cassette, kutanthauza thireyi ya mapepala ija mumakoka pansi. LOAD ndiye kuti ikani. LETTER ndi saizi ya pepala la ku United States ndi Canada, la mamilimita 216 m'lifupi ndi 279 m'litali, pamene A4 ndi 210 ndi 297. Chikalata chanu chinachunidwa pa Letter, printa inapeza A4 m'thireyi, basi n'kukhala phee kudikira pepala limene mulibe. Kutumiza kwanu katatu kunangotalikitsa mzere wa zikalata zodikira kusindikizidwa. Mu Word, pitani pa Layout, kenako Size, musankhe A4, ndipo muchotse kaye zimene zaunjikana pa mzere zija.

Chimandiwawa n'chakuti anthu amachita manyazi ndi zinthu zotere, chonsecho uthengawo unalembedwa ndi katswiri amene ankaganizira za m'kati mwa makina, pa kagalasi kokwana mawu ochepa, osaganizira munthu amene bwana akumudikira.

Uthenga wina umene umaseketsa anthu ndi wakuti "Keyboard not found, press F1 to continue". Kiyibodi palibe, nanga F1 mudina pati? Komatu nzeru ilipo. Kompyuta ikamayaka imayamba yafufuza zida zake, ndipo apa ikuti lumikizani kiyibodi, mudine F1 kuti itsimikize kuti yabwera.

Nthawi zina Windows imaonetsa chizindikiro cha vuto, pansi pake n'kulemba "The operation completed successfully". Cholakwika chilichonse mu Windows chili ndi nambala yake, ndipo 0 imatanthauza kuti zonse zayenda bwino. Pulogalamu ikalephera koma n'kuchedwa kufunsa chifukwa chake, imapeza nambala itafufutika kale n'kukhala 0, ndiye imangokuwerengerani mawu a 0.

Tsiku lina ndinaitanidwa ndi bambo wina amene kompyuta inkamuzimira. Nditamufunsa chimene inalemba, anati panali kabokosi kofiira ndipo anadina OK. Tinatha ola lathunthu tikudikira kuti kabokosiko kabwerenso. Choncho, mayi, uthenga ukatuluka musathamangire kudina. Tengani foni muujambule, nambala zonse zioneke, ndipo mukumbukire chimene munkachita usanatuluke. Wa IT, katswiri wa makompyuta, akabwera, mungomuonetsa chithunzicho.