Kwa achemwali amene mukufuna gulu la Chikatolika kuno ku Mzuzu

Achemwali takulandirani ku Mzuzu. Ndawerenga zomwe mwalemba zija, kuti munabwera kuno chifukwa cha ntchito, mukukhala ku Luwinga, Misa ya Lamulungu simujomba koma mukatuluka mtchalitchi palibe olo mmodzi okudziwani ndipo mukuona kuti moyo wanu wauzimu wayamba kuzilala, ndiye mukufunsa kuti mulowe gulu liti.

Ine ndikuuzeni mosabisa, musanasake gulu lililonse yambani mwapeza mphakati wanu, kagulu kakang'ono ka akhristu okhala dera limodzi. Maepiskopi athu a AMECEA, bungwe la maepiskopi a mayiko a kum'mawa kwa Africa kuphatikizapo Malawi, anagwirizana kalekale mu 1973 kuti mpingo uzikhazikika pa miphakati, ndipo mpaka lero chilichonse chimadzera kumeneko, kaya ubatizo wa mwana, kaya ukwati, kaya mwadwala, kaya maliro akugwerani. Poti muli ku Luwinga parishi yanu ikhala St Augustine, pitani ku ofesi ndi kalata yochokera ku parishi yanu yakale munene dera lomwe mukukhala, akulozerani atcheya a mphakati wakwanuko. Kalatayo ngati simunatenge imbani foni kwanu akutumizireni, imathandiza kwabasi. Ku mphakati timakumana m'makomo mosinthana, mwini nyumba amayala mphasa ndi kubwereka mipando kwa aneba, wina amawerenga Uthenga Wabwino kawiri pang'onopang'ono kenako aliyense amanena mawu omwe amukhudza, ndiye mumva agogo oti sukulu sanapite nayo patali akumasula vesi mpaka inu kukhala chete kulingalira. Pomaliza mumamva kuti wadwala ndani, ndani akamuone, sabata yamawa tikumana kwa ndani. Mukapita kangapo anthu ayamba kukuitanani ndi dzina pa msika. Zoti zambiri zimachitika mu Chitumbuka zisakubwezeni m'mbuyo ayi, inu yankhulani Chichewa chanucho amamva bwinobwino, ndipo nyimbo ndi mapemphero ndi zomwe zingakuphunzitseni chiyankhulocho msanga.

Mukakhazikika kumeneko ndiye sankhani gulu limodzi, limodzi basi. Ndaona anthu ambiri obwera ndi moto akulembetsa kwaya, CWO (bungwe la amayi achikatolika), Legio, Karizimatiki zonse nthawi imodzi, pofika Disembala atopa ndi misonkho ndi mayunifomu, asiya zonse.

Kwa munthu ngati inu amene mwati mukufuna kukula mu uzimu, ine mtima wanga uli pa Legio wa Maria. Anayambitsa ndi Frank Duff ku Dublin mu 1921, ndipo Edel Quinn, mayi wachi Irish uja amene anamwalira ku Nairobi mu 1944, anafika nayo mpaka kuno nthawi ya Nyasaland ngakhale anali kudwala TB. Msonkhano wake ndi wa sabata iliyonse, pa tebulo nsalu yoyera, chifanizo cha Amayi Maria, makandulo awiri ndi maluwa, mumayamba ndi kolona kenako aliyense amapereka lipoti la ntchito yomwe anapatsidwa sabata yatha. Ntchitoyo ndi ya maola awiri pa sabata ndipo mumayenda awiriawiri, kukaona odwala, okalamba, ofedwa, ndi akhristu omwe anasiya masakramenti. Lipoti limenelo ndi lomwe limasula munthu, chifukwa sungapite chimanjamanja sabata ndi sabata anzako akufotokoza komwe anayenda. Ngati ntchito yanu ndi ya mashifiti osadandaula, aliponso mamembala othandiza ndi pemphero chabe, amanena kolona ndi mapemphero a Legio tsiku lililonse ali kunyumba.

Ngati mumakonda kuimba ndi kupemphera momasuka, a Karizimatiki alipo, funsani kuti semina ya Life in the Spirit iyamba liti, imatenga masabata 7 ndipo ndi khomo labwino lolowera. Koma apa ndikuchenjezeni, onetsetsani kuti gululo likudziwika ndi bambo mfumu ndipo limakumana pa parishi. Pa WhatsApp pamayenda magulu ena odzitcha achikatolika koma ukalowa ndi nkhani za maulosi ndi kutumiza ndalama kuti akupempherere, za Misa ndi kulapa osazitchula nkomwe, amenewo athaweni.

CWO ndi yabwino kuti mupeze amayi anzanu oti muziyenda nawo pa mtendere ndi pa mavuto, ngati mukadali wachinyamata YCW ndi ya achinyamata apantchito ndipo imakuphunzitsani kuona moyo wa ku ofesi ndi maso a Uthenga Wabwino. A Mtima Woyera wa Yesu amasunga Lachisanu loyamba la mwezi, a Chifundo cha Mulungu pemphero lawo ndi la 3 koloko masana, lalifupi loti mukhoza kunena pa desiki pomwe.

Chinanso chomwe ambiri timachiiwala, yesani Misa ya mkati mwa sabata olo kamodzi. Kuno mu Juni ndi Julayi kumazizira zedi kudzuka kumavuta, koma anthu omwe mukawapeze m'mawa umenewo atafunda zitenje ndi majuzi ndi omwe amadziwa za m'bindikiro uliwonse, nthawi yopembedza Ukaristia, kolona ya mu Meyi ndi Okutobala, Njira ya Mtanda ya mu Lenti, ndi zochitika ku St Peter's Cathedral. Tcheraninso Radio Tigabane, ndi ya dayosizi yathu ya Mzuzu, zilengezo zambiri zimadzera pamenepo.

Lamulungu likubwerali musathamangire kabaza Misa ikangotha, mvetserani zilengezo mpaka kumapeto kenako muwapeze akatekisi panja muwauze kuti ndinu mlendo mukufuna mphakati. Mukaupeza mudzatiuze pano kuti zayenda bwanji, ine ndikhala ndikukukumbukirani pa kolona.