Kupha, kuphetsa, kuphera: mafunso a olemba nkhani za zigawenga

Mafunso a ulendo uno achokera kwa olemba ndi owerenga nthano zazitali za magulu ogulitsa mankhwala osokoneza bongo m'mizinda ikuluikulu, nthano zija zimene zimakuseketsa pomwe munthu akuphedwa, kenako n'kukusiya ukudzifunsa chimene umaseka.

Funso: Aphunzitsi, ndikulemba za magulu awiri olimbirana msika wa kokeni mumzinda umodzi. Mtsogoleri wa gulu lina sagwira mfuti, amangotuma anyamata. Mnzanga akuti ndalakwa polemba kuti "bwanayo adapha anthu asanu". Ndalakwadi?

Yankho: Mnzanuyo ali ndi khutu lakuthwa. Chiganizo chanucho ndi Chichewa ndithu, koma chikupatsa bwanayo mfuti imene sadagwire. Munthu wolamula kuti wina aphedwe, iye ali chikhalire pampando, timati waphetsa. Mphatikiri -ets- ndiye amasintha mneniyo kukhala wochititsa, ndipo m'nkhani ngati yanu mphatikiri ameneyu ndi amene amalekanitsa bwana ndi mnyamata wotumidwa.

Taonani zimene zidachitika ku Chicago pa 14 February 1929, nthawi imene mowa udali woletsedwa ku America ndipo magulu ankalimbirana msika wake. Amuna asanu ndi awiri a mbali ya Bugs Moran, mtsogoleri wa limodzi mwa maguluwo, adawomberedwa m'galaja, ena mwa owomberawo atavala ngati apolisi. Al Capone, mtsogoleri wa gulu lolimbana ndi la Moran, tsikulo adali kutali, ku Florida. Wolemba Chichewa sanganene kuti Capone adapha anthuwo. Anena kuti ambiri amamuganizira kuti ndiye adawaphetsa, ndipo mawu oti "amamuganizira" asawasiye, chifukwa khoti silidapezepo aliyense wolakwa pa imfa zimenezo. Capone adamangidwa mu 1931 pa mlandu wozemba msonkho.

Magulu anu awiriwo akamabwezerana, mneni wake ndi kuphana, monga ankachitira magulu ogulitsa kokeni a m'mizinda ya Medellín ndi Cali ku Colombia chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Koma mphatikiri -an- amafuna kuti maliro akhale mbali zonse ziwiri. Anthu awiri akamenyana wina n'kufa, sadaphane. Ndipo pamene chidwi chili pa wakufayo, gwiritsani kuphedwa: Pablo Escobar, mtsogoleri wa gulu la Medellín, adaphedwa padenga la nyumba ku Medellín pa 2 December 1993.

Chimene ine ndimachikonda kwambiri pa mneni ameneyu ndi kuphera. "Adamuphera m'galimoto" akunena malo. "Adamuphera ndalama" akunena chifukwa. "Adandiphera mchimwene wanga" ndi kulira kwa munthu wotayidwa. Tsono tamverani ichi: "Ndakuphera mnzako uja." Kodi wolankhulayo wakugwirira ntchito imene unkaifuna, kapena wakulanda munthu amene unkamukonda? Chiganizocho chimalola zonse ziwiri. Mukachiika pakamwa pa mnyamata wopusa amene akuyembekeza kuthokozedwa, pomwe womverayo nkhope yagwa, wowerenga aseka ndi kuchita mantha nthawi imodzi, inu osafotokoza chilichonse. Kumbukiraninso kuti timapha ludzu ndipo timapha ndalama. Wogulitsa akabwera madzulo n'kuti "lero tapha", anzake ayenera kumufunsa kuti mwapha chiyani.

Funso: Cholondola n'chiti, "chigawenga chija chathawa" kapena "chigawenga chija wathawa"? Kunena "cha" kwa munthu kumandimvekera ngati mwano.

Yankho: Cholondola ndi "chathawa". Mgwirizanitsi amatsata gulu la dzina, ndipo chigawenga chili m'gulu la Chi-Zi ngakhale chili munthu: chigawenga chathawa, zigawenga zathawa. N'chimodzimodzi ndi mbava: mbava ija yathawa, mbava zija zathawa. Mukamutchula dzina lake m'chiganizo chotsatira, mukhoza kubwerera ku "iye adathawa" popanda vuto. Chosaloledwa n'kusakaniza ziwirizi m'chiganizo chimodzi.

Mwano umene mukuumvawo ulipodi, ndipo musauthawe. "Chidatulutsa mpeni" chimamuchotsera munthu nkhope. N'chifukwa chake mawu amenewa amayenera pakamwa pa wapolisi, mtolankhani kapena munthu woberedwa. Mayi wa mnyamatayo sangatero, iye amati "mwana wanga". Anyamata a gululo nawonso sadzitcha zigawenga. Okhaokha amati mafana, wochenjera pakati pawo amati dolo, ndipo mtsogoleri akafika amati "abwana abwera", ndi a- waulemu. Munthu mmodzi yemweyo amayenda ndi agwirizanitsi atatu kapena anayi malinga ndi amene akumunena.

Ngati mukufuna kuonetsa wapolisi wolandira ziphuphu, mulembeni akulengeza m'mawa kuti "chigawengacho tichigwira posachedwa", madzulo akumane nacho n'kuti "Abwana, mwaswera bwanji?" Wowerenga aliyense wa Chichewa amva zonse pamenepo.

Funso: Mkonzi wina wandiuza kuti ndisinthe paliponse pamene ndalemba "adafa" pakhale "adamwalira", akuti n'kulemekeza. Koma bukuli ndi la kuphana, komanso n'loseketsa. Ndimumvere?

Yankho: Musamumvere paliponse. Zoona, kumwalira ndi mawu aulemu, ndipo kufa timanena ngakhale za galu. Koma funso loyamba ndi lakuti akulankhula ndani. Munthu wobayidwa ndi mpeni ukamunena kuti "adamwalira", wabisa dzanja limene lidamubaya, ngati kuti adadwala. Wofotokoza nkhani akafuna chilungamo anene kuti adaphedwa.

Mawu aulemuwo muwasungire wakuphayo. Iyeyo ndiye anene, akupukuta manja, kuti "malemuwa adali munthu wabwino, atisiya mwadzidzidzi". Kuseketsa kwa nkhani zamtunduwu kumachokera pamenepa, pamene ulemu wa pakamwa wakumana ndi nkhanza za m'manja. Chichewa chili ndi mikuluwiko yambiri ya imfa: kutisiya, kutsogola, kutsikira kuli chete, kugona tulo tosadzuka. Yonseyi idapangidwa kuti itonthoze olira, choncho ikatuluka mwa munthu amene wabweretsa malirowo imaluma kawiri.

Mvekero nawonso umathandiza: "Mfuti idangoti phuu, iye pansi khu, m'chipinda monse zii." Chiganizo chotere chimathamanga, ndipo liwiro lakelo limaseketsa. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi, chifukwa chimandikhudza. Imfa iliyonse m'bukumo ikakhala "khu", anthu anu asanduka zidole zogwetsa. Penapake lekani mvekero ndi mikuluwiko, mulembe mawu osaphimba: mtembo, magazi, dzina la wophedwayo, ndi amene ankamudikira kunyumba. Wowerenga amene wakhala akuseka ayenera kufika pa tsamba limene kuseka kumamuthera pakhosi. Popanda tsamba limenelo, nthabwala zanu zikhala zikuseka wophedwa m'malo moseka uchitsiru wa akuphawo.

Funso: Ena amalemba "mankhwala osokoneza bongo", ena "ozunguza bongo". Olondola ndi ati?

Yankho: Onse awiri ndi olondola ndipo amamveka. Sankhani amodzi, mukhale nawo mpaka kumapeto kwa buku. Chofunika n'chakuti wofotokoza nkhani asangoti "mankhwala" poyamba pomwe, chifukwa dzinali limakwana a kuchipatala, ophera tizilombo ndi ena otero, ndipo wowerenga angayese anthu anu ndi ogulitsa mapiritsi a mutu.

Komabe mawu atatuwa ndi a munyuzipepala ndi m'khoti. Ndi aatali, ndipo palibe wogulitsa amene angawatchule pafoni. Iye amangoti "katundu wafika". Inu wolemba, pamene mungathe, tchulani chinthucho ndi mneni wake woyenera, m'malo mongoti "ankagwiritsa ntchito" tsamba lililonse. Chamba amasuta. Kokeni, amene amapangidwa kuchokera ku masamba a koka olimidwa ku Colombia, Peru ndi Bolivia, akakhala wa ufa amamukokera m'mphuno. Heroini ambiri amadzibaya naye jakisoni. Samalaninso agwirizanitsi: chamba chagwidwa, kokeni wagwidwa, mankhwala agwidwa.