Ma dotfiles pa makompyuta awiri: gwiritsani ntchito bare repository

Achimwene, mwafunsa njira yoti ma dotfiles, mafayilo a ma setting omwe maina awo amayamba ndi dontho monga .bashrc, .vimrc ndi .gitconfig, azifanana pa laputopu yanu ndi kompyuta ya kuntchito, osamangokopera pa flash. Git payokha ikukwanira.

Pa kompyuta yoyamba lembani git init --bare $HOME/.dotfiles kuti mupange bare repository (yosunga mbiri ya Git yokha, popanda mafayilo ogwirirapo ntchito), kenako muike mzere uwu mu .bashrc:

alias dot='git --git-dir=$HOME/.dotfiles --work-tree=$HOME'

Tsegulani terminal yatsopano, mulembe dot config --local status.showUntrackedFiles no. Mukaiwala, dot status izikuonetsani chilichonse cha mu home, nyimbo ndi zithunzi zomwe. Mafayilo muziika limodzilimodzi: dot add .bashrc, dot commit, kenako dot push mutalumikiza kale repository ya private pa GitHub kapena GitLab.

Pa kompyuta yachiwiri chitani git clone --bare ya repository ya private ija mu $HOME/.dotfiles, lembani alias ija mu terminal, kenako dot checkout. Apa Git ikana, inena kuti ifufuta .bashrc yomwe ilipo kale, poti Ubuntu imaika yakeyake ikamapanga akaunti. Sunthani yakaleyo ku .bashrc.bak n'kuyesanso. Bwerezaninso za showUntrackedFiles, chifukwa sizibwera ndi clone.

Chonde, musalembe dot add . ngakhale muli pachangu. Zimenezo zimakokera ~/.ssh/id_ed25519 (kiyi yanu yachinsinsi ya SSH), ~/.aws/credentials ndi .bash_history, momwe nthawi zina mumatsala mapasiwedi. Kiyi ikangolowa mu commit n'kukankhidwa, kufufuta fayiloyo pambuyo pake sikuthandiza, imakhalabe m'mbiri ya Git. Kiyi yotero ndi yotayika: pangani ina ndi ssh-keygen, yakaleyo muichotse paliponse pomwe munaiika. Repository ya private nayo si malo osungira zinsinsi.

Makompyuta awiri safanana ndendende, choncho musawakakamize. Kumapeto kwa .bashrc ikani [ -f ~/.bashrc.local ] && . ~/.bashrc.local, ndipo fayilo ya .local isalowe mu Git. Mmenemo ndi mwa proxy ya kuntchito ndi PATH ya makinawo. Za imelo ya kuntchito, .gitconfig ili ndi includeIf kuyambira Git 2.13 ya 2017: ma repository onse a mu ~/ntchito/ azitenga imelo yawo mu fayilo ina.

Ngati fayilo inasinthidwira pa Windows, bash ikhoza kudandaula kuti $'\r': command not found. Vuto ndi mathero a mizere a CRLF; ikonzeni ndi dos2unix, ndipo mu ~/.gitattributes muike * text=auto eol=lf kuti lisabwerenso.